Netiweki ikathawa, zipangizo zingathe kulankhulana zokha

Tiyerekeze kuti mafoni awiri ali pa tebulo limodzi, mogundizana. Mwini wa foni yoyamba watumiza uthenga wa WhatsApp kwa mwini wa foni yachiwiri. Ambiri timaganiza kuti uthengawo wangodumpha kuchoka pa foni iyi kupita pa inayo, koma si mmene zimakhalira. Uthengawo umayamba wapita ku nsanja ya kampani ya mafoni, kuchoka apo umalowa m'zingwe za intaneti, n'kutuluka m'dziko muno, n'kukafika pa makompyuta a kampani ya Meta kunja, kenako n'kubwereranso mtunda wonsewo kudzafika pa tebulo lomwe lija. Penapake pa ulendowu pakangoduka, mafoni awiriwo samvananso ngakhale akukhudzana.

Ndipo pamadukadi. Dziko lathu silinachite malire ndi nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanalowe m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe ziwiri zotere, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inavuta m'mayiko angapo a kummawa kwa Africa, Malawi ali momwemo. Nsanja za mafoni nazonso zimadalira magetsi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa nthawi yoposa chaka asanabwezeretsedwe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo a magetsi ndi kudula misewu m'chigawo chakummwera. Nsanja ikatha batire imadalira jenereta, jenereta imadalira dizilo, ndipo dizilo amadalira msewu. Nthawi imene anthu akufunitsitsa kudziwa ngati abale awo ali moyo ndi nthawi yomwenso foni imakhala chete.

Funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 60 ndi ili: kodi zipangizo sizingathe kupatsirana uthenga zokhazokha, popanda nsanja, popanda kampani yoima pakati? Yankho ndi loti zingathe, koma zili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene tiyenera kuwadziwa bwino tisanawononge ndalama kapena kuikapo chikhulupiriro chathu chonse.

Zimene ana athu amadziwa kale

Wophunzira aliyense amene anatumizirapo mnzake mapepala a mayeso akale a MSCE pa Xender, SHAREit kapena Bluetooth wagwiritsapo kale njira imeneyi. Palibe bandulo imene imatha. Foni imodzi imatsegula Wi-Fi yakeyake, inayo n'kulumikizana nayo, fayilo n'kuoloka. Izi ndi zimene pa Chingerezi amati peer-to-peer, kutanthauza kuti zipangizo ziwirizo n'zofanana udindo, palibe bwana pakati pawo.

Koma njira imeneyi ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, imafika pafupi: Bluetooth ya foni wamba imayenda bwino mkati mwa mamita pafupifupi 10, ndipo khoma la njerwa limaifooketsanso. Chachiwiri, pamafunika munthu woti adine. Nkhani yathu ikukhudza zipangizo zimene zimachita zonsezi pazokha: kufufuza anzawo amene ali pafupi, kusankha chotumiza, kusankha womutumizira, ndi kunyamulirako anzawo mauthenga amene si awo. Zikhoza kukhala mafoni, tizipangizo toyezera kuchuluka kwa madzi mu mtsinje, mababu a magetsi, ma drone, kapenanso, monga tione posachedwa, malamba ovekedwa nyama zakutchire.

Maganizowa si atsopano. Mu 1964 Paul Baran, katswiri wa ku bungwe la RAND ku America, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti netiweki yokhala ndi likulu limodzi imafa likululo likagwa, pomwe netiweki yolukana ngati ukonde wa asodzi imapitirira kugwira ntchito ngakhale mfundo zingapo zitaduka, chifukwa uthenga umapeza njira ina yolambalala. Netiweki yolukana chotere imatchedwa mesh.

Uthenga wa maliro

Njira yosavuta yomvetsera mesh ndi kuganizira mmene uthenga wa maliro umayendera kumudzi. Palibe amene amaima pa chulu n'kukuwa mpaka midzi isanu imve. Wina amauza nyumba yoyandikana nayo, a nyumba imeneyo amauza ena, mnyamata amakwera njinga kukauza a tsidya, ndipo dzuwa likamatuluka dera lonse ladziwa. Munthu aliyense ndi wolandira komanso wotumiza.

Chipangizo cha mu mesh chimachita chimodzimodzi. Chikamva uthenga, chimaubwereza kuti amene ali pafupi nacho, koma kutali ndi mwini uthenga, amve. Zikumveka zophweka, koma makina alibe nzeru zachibadwa zimene munthu wakumudzi ali nazo, ndiye chilichonse chimayenera kulembedwa ngati lamulo.

Munthu akauzidwa za maliro kachiwiri amangoti ndamva kale. Chipangizo sichingadziwe zimenezo pokhapokha uthenga uliwonse utakhala ndi nambala yakeyake. Choncho chipangizo chimasunga mndandanda wa manambala a mauthenga amene chaona posachedwa, ndipo ukabweranso womwewo chimangoutaya. Popanda lamuloli, zipangizo zitatu zokha zikhoza kumangoponyerana uthenga umodzi mozungulira mpaka mabatire atatha.

Lamulo lachiwiri ndi la malire a ulendo. Uthenga umanyamuka ndi kanambala kosonyeza kuti ukhoza kudumpha kangati. Chipangizo chilichonse chimene chaubwereza chimachotsapo 1, ndipo ikafika pa 0 ulendo watha. Mu pulogalamu ya Meshtastic, imene ndi yodziwika kwambiri pa zimenezi, nambalayi imayambira pa 3 ndipo siingapitirire 7. Wina angafunse kuti bwanji osangoika 100 kuti uthenga ufike kutali. Chifukwa chake ndi lamulo lachitatu, limene ndi lovuta kuposa onse.

Zipangizo zonsezi zimalankhula pa wailesi imodzi, ngati anthu ambiri m'chipinda chimodzi. Ziwiri zikalankhula nthawi imodzi, womvera samva chilichonse. Ndiye taganizani zipangizo 50, chilichonse n'kubwereza uthenga uliwonse umene chamva: uthenga umodzi wasanduka mawu 50, ndipo anthu khumi akatumiza nthawi imodzi, ndi phokoso lokhalokha. Vutoli analiona kale akatswiri a ku University of Hawaii pa netiweki yawo ya wailesi yotchedwa ALOHAnet, imene inayamba kugwira ntchito mu 1971 polumikiza zilumba za kumeneko. Mankhwala ake anali oti mauthenga akawombana, aliyense adikire kanthawi kosankhidwa mwachisawawa asanayesenso, kuti asawombanenso. Wi-Fi imene timagwiritsa ntchito lero inatengera nzeru yomweyo, n'kuonjezapo kuti chipangizo chiyambe chamvetsera chisanalankhule.

Meshtastic inaonjezapo kanzeru kena kamene ine ndimakaona kokoma kwambiri. Chipangizo chimene chamva uthenga mwamphamvu chimadziwa kuti chili pafupi ndi wotumiza, ndiye kubwereza kwake sikungathandize kwenikweni. Chimadikira nthawi yotalikirapo. Chimene chaumva mofooka, kutanthauza kuti chili kutali, chimabwereza msanga. Zapafupi zija zikamva kuti wina wabwereza kale, zimakhala chete. Motero uthenga umadumpha mtunda wautali ndi mawu ochepa, popanda aliyense wolamula kuti iwe lankhula, iwe dikira.

Mbidzi za ku Kenya

Zonse tanenazi zikutengera kuti pali mzere wa zipangizo wosaduka kuchoka kwa wotumiza kufika kwa wolandira. Nanga ngati palibe? Ngati chipangizo chotsatira chili pa mtunda wa makilomita 20?

Limeneli ndi vuto limene anakumana nalo akatswiri a ku Princeton University ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Daniel Rubenstein, katswiri wa zamoyo, ankafuna kudziwa mmene mbidzi zimayendera ku Laikipia m'chigawo chapakati cha Kenya, usana ndi usiku. Kuveka mbidzi lamba wa m'khosi wokhala ndi GPS kunali kotheka. Vuto linali lotenga zimene lambayo walemba. Kutchire kumeneko kunalibe netiweki ya mafoni yodalirika, ndipo kusakasaka mbidzi iliyonse ndi galimoto kuti uyandikire lamba wake ndi ntchito yosatha.

Margaret Martonosi, katswiri wa makompyuta, ndi anzake anapanga zimene anazitcha ZebraNet. Lamba aliyense anali ndi GPS, kakompyuta kakang'ono, posungira zinthu, wailesi, batire ndi timasola tomutchajira. Lambayo ankalemba malo amene mbidzi ili nthawi ndi nthawi, n'kusunga. Ndiye mbidzi ziwiri zovala malamba zikayandikana, mwina pomwa madzi, malambawo ankazindikirana n'kukoperana zonse zimene asunga. Mbidzi yoyamba inkachoka itanyamula mbiri ya yachiwiri, yachiwiri itanyamula ya yoyamba. Mawa lake yachiwiriyo ikakumana ndi yachitatu, inkaipatsira mbiri ya zonse ziwiri. Ofufuza akadutsa ndi galimoto yokhala ndi wailesi, kuyandikira mbidzi imodzi yokha kunali kokwanira kuti apeze mbiri ya mbidzi zingapo, kuphatikizapo zimene sanazione n'komwe. Malamba oyamba anavekedwa mu January 2004 ku Sweetwaters, kufupi ndi tauni ya Nanyuki.

Apa pali chinthu chosiyana ndi mesh ija. Uthenga sukudikira kuti njira yonse ikhale yotseguka. Ukusungidwa, kunyamulidwa ndi miyendo ya nyama, n'kupatsidwa kwa wina mpata ukapezeka. Ukhoza kufika patapita maola kapena masiku, koma pa ntchito imeneyi kuchedwa sikunali vuto.

Akatswiriwo anayerekezanso njira ziwiri zopatsirana. Ina inali yoti lamba azikopera chilichonse kwa aliyense amene wakumana naye. Njirayi imafikitsa uthenga ndithu, koma posungira pamadzaza msanga ndipo batire limatha, chifukwa wailesi ndi imene imadya moto kwambiri. Inayo inali yoti lamba aliyense azikumbukira kuti wakhala akukumana ndi galimoto ya ofufuza kangati posachedwapa, ndipo uthenga uzipatsidwa kwa lamba amene mbiri yake ikuonetsa kuti amakumana nayo kawirikawiri. N'chimodzimodzi ndi munthu wofuna kutumiza kalata ku tauni: sapatsa aliyense wodutsa pa msewu, amapatsa uja amadziwika kuti amapita kukaoda katundu Lolemba lililonse. Kuipa kwake n'koti mbiri imanama nthawi zina. Galimoto ya ofufuza ikasintha njira, uja ankaoneka wodalirika amangokhala ndi makalata a anzake osawafikitsa.

Nzeru yomweyi inagwiritsidwapo ntchito pa anthu. Cha m'ma 2003, akatswiri ochokera ku MIT Media Lab anayambitsa DakNet, dzina lochokera ku mawu a Chihindi otanthauza positi. Ku India anaika kabokosi ka Wi-Fi m'mabasi oyenda m'midzi. Basi ikadutsa pafupi ndi kompyuta ya m'mudzi, kabokosiko kankatenga makalata onse odikira n'kusiya amene kabweretsa, popanda dalaivala kuchita kanthu, ndipo basi ikafika m'tauni momwe muli intaneti zonse zinkatumizidwa. Ku Ratanakiri, chigawo chakutali cha dziko la Cambodia, ntchitoyi inkachitika ndi njinga zamoto zozungulira m'masukulu. Tikanakhala ife tikanati kabaza wa intaneti.

Bungwe la NASA limakumana ndi vuto lomweli pa mlingo waukulu. Uthenga wa wailesi wochoka kuno kupita ku Mars umatenga mphindi zoyambira pafupifupi 3 mpaka 22, malingana ndi pamene mapulaneti awiriwa ali, ndipo nthawi zina njira imatsekeka. Intaneti wamba, imene imayembekezera yankho pasanathe sekondi, singagwire ntchito kumeneko. Vint Cerf, mmodzi mwa amene anapanga malamulo oyendetsera intaneti, anagwira nawo ntchito yokonza njira yosunga ndi kupatsira, ndipo mu 2008 NASA inaiyesa ndi chombo chimene chinali pa mtunda wa makilomita oposa 30 miliyoni. Kuno kwathu, pamene boma ndi UNICEF ankatsegula malo oyeserapo ma drone ku Kasungu mu 2017, chimodzi mwa zinthu zitatu zimene ankafuna kuyesa chinali ngati drone ingathe kufikitsa Wi-Fi kapena netiweki ya mafoni kumalo ovuta kufikako pa nthawi ya ngozi.

Kufikitsa uthenga n'kosavuta kuposa kugwirizana

Gawo ili ndi limene a komiti angalimve msanga, chifukwa likukhudza mabuku a ndalama.

Tiyerekeze kuti thumba lina lili ndi K100,000, ndipo kaundula wake ali pa mafoni awiri, ya msungichuma ndi ya mlembi, amene amafananitsa zolemba zawo akakumana. Netiweki kulibe. Lachiwiri msungichuma walandira K20,000 n'kulemba kuti thumba lili ndi K120,000. Lachitatu mlembi, ali mudzi wina, walipira K30,000 n'kulemba kuti thumba lili ndi K70,000. Lachisanu akumana ku Juma, mafoni awo alumikizana. Nambala yoona ndi iti? Mafoniwo akatsata lamulo loti cholembedwa pomaliza ndicho choona, atenga K70,000 ndipo K20,000 ija yasowa m'buku. Akatenga inayo, K30,000 ija sinalipidwe. Zoona ndi K90,000, nambala imene palibe foni inailemba.

Njira yothetsera zimenezi ndi imene msungichuma aliyense wabwino amaidziwa kale: usamalembe zotsala zokha, uzilemba chochitika chilichonse. Foni imodzi isunge kuti kwalowa K20,000, inayo kuti kwatuluka K30,000, chilichonse ndi nambala yake kuti chisawerengedwe kawiri. Akakumana angophatikiza mindandanda iwiriyo, ndipo aliyense apeza K90,000, kaya wayamba ndi chiti. Mapulogalamu ambiri ogwira ntchito popanda intaneti anamangidwa pa mfundo imeneyi.

Ngakhale funso loti chinayamba n'chiti lili ndi msampha. Wotchi ya chipangizo chimene sichili pa netiweki imathamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono, ndipo foni ina ikathimiratu imadzuka ili ndi deti lolakwika. Mu 1978 Leslie Lamport anaonetsa kuti zipangizo zingathe kusanja zochitika popanda kudalira wotchi: chilichonse chizikhala ndi nambala imene chimaonjezera 1 pa chochitika chilichonse, chiziimata pa uthenga uliwonse, ndipo chikalandira uthenga wa nambala yoposa yake chizikweza yakeyo kuti ipitirire pamenepo. Motero yankho silingaoneke ngati linabwera funso lisanafunsidwe.

Koma pali zina zimene palibe luso lingazikonze. Ngati msungichuma ndi mlembi, aliyense payekha, alipira K80,000 kuchokera pa K100,000 yomwe ija, kuphatikiza mindandanda kungoonetsa kuti thumba lili pa ngongole ya K60,000. Kuti zimenezi zisachitike, pamafunika malo amodzi amene amavomereza kapena kukana ndalama isanatuluke. N'chifukwa chake Airtel Money ndi TNM Mpamba siziyenda netiweki ikathawa, ndipo munthu amene angakuuzeni kuti ali ndi pulogalamu yotumizira ndalama pa Bluetooth popanda netiweki muyenera kumufunsa mafunso ambiri.

Palinso vuto lakale lotsimikizirana. Anthu awiri ali mbali ziwiri za mtsinje wosefukira, ndipo akufuna kugwirizana ola loti akumane pa mlatho wakutali. Uthenga umatha kutayika. Woyamba watumiza kuti tikumane 4 koloko. Sakudziwa ngati wafika, ndiye akudikira yankho. Wachiwiri wayankha kuti ndamva, koma naye sakudziwa ngati yankho lake lafika, ndipo mnzakeyo sanyamuka asanalilandire. Ndiye pakufunika yankho la yankho, kenako yankho la limenelonso, osatha. Akatswiri anatsimikiza kale mu 1975 kuti pa njira yotaya mauthenga palibe chiwerengero cha mayankho chimene chingapatse onse awiri chitsimikizo chonse. Zimene zipangizo zimachita ndi kubwereza kangapo kuti mwayi wolephera uchepe, ndi kukonzeratu chochita ngati yankho silibwera.

Uthenga wodutsa m'manja mwa alendo

Mu mesh, uthenga wanu umanyamulidwa ndi zipangizo za anthu amene simukuwadziwa. Ngati sunatsekedwe ndi kiyi wachinsinsi, aliyense wa iwo akhoza kuuwerenga, kuusintha, kapena kulemba wake n'kunamizira kuti wachokera kwa inu. Izi si nkhambakamwa. Mapulogalamu a FireChat mu 2014 ndi Bridgefy mu 2019 anatchuka pa zionetsero za ku Hong Kong chifukwa ankatha kutumiza mauthenga kuchoka pa foni kupita pa foni popanda intaneti. Mu 2020 akatswiri a ku Royal Holloway, University of London anaunika Bridgefy n'kupeza kuti munthu wodziwa akhoza kuwerenga mauthenga a ena, kudzionetsa ngati munthu wina, kudziwa amene akulankhula ndi ndani, ngakhalenso kuimitsa netiweki yonse ndi uthenga umodzi wopangidwa mwadala. Meshtastic nayo imabwera ndi tchanelo choyambira chimene kiyi wake ndi wodziwika kwa aliyense. Amene akufuna chinsinsi ayenera kupanga tchanelo chawo ndi kiyi wawo.

Kwa ife chiopsezo chachikulu mwina si akazitape koma mphekesera. Uthenga wabodza woti damu laphulika, kapena woti kwinakwake kukugawidwa chimanga, ukhoza kuyenda mu mesh mofulumira ngati woona, ndipo palibe kampani yoti iuchotse. Pa uthenga wochenjeza za ngozi, chofunika kwambiri ndi siginecha ya pakompyuta imene imatsimikiza amene waulemba, osati kubisa zimene walemba.

Makolo adziwenso kuti fayilo yodutsa pa Xender kapena Bluetooth sidya bandulo ndipo siioneka pa bilu iliyonse. Kusagulira mwana bandulo sikutanthauza kuti m'foni mwake simukulowa kanthu. Mabuku amalowa motero, zina zosayenera zimalowanso motero. Ndipo kwa ophunzira, nkhaniyi sikusintha lamulo la sukulu pa za mafoni.

Zimene zingatheke kwathu kuno

Pa njira zonsezi, imene ndikuona kuti ingathandize dera ngati lathu pa nthawi ya ngozi ndi ya tiwailesi ta LoRa. Luso limeneli linayambira ku kampani ya Cycleo ya ku Grenoble, France, imene inagulidwa ndi Semtech mu 2012. Kawailesi kake n'kochepa kuposa foni, kamadya moto wochepa moti kasola kakang'ono ndi batire limodzi zimakwanira, ndipo kamafika makilomita angapo, kupitirira 10 ngati palibe chotchinga pakati. Munthu amalumikiza foni yake ku kawailesiko pa Bluetooth, n'kulemba uthenga mu Meshtastic, ndipo tiwailesito timapatsirana tokha.

Mtengo wa mtunda umenewu ndi liwiro. Pa makonzedwe ake oyambira, Meshtastic imayenda pafupifupi kilobit imodzi pa sekondi, ndipo uthenga umodzi sungapitirire zilembo pafupifupi 200. Chithunzi chimodzi cha 2 MB pa liwiro limeneli chingatenge maola oposa 4, ena onse atakhala chete. Choncho iwalani za zithunzi, mavidiyo kapena kuimba. Zimene zimatheka ndi mawu ochepa ofunika: madzi afika pa mlatho, ana onse a kuhositelo ali bwino, pakufunika galimoto ya wodwala. Kachipangizo koyezera madzi koikidwa kumtunda kwa mtsinje kakhoza kutumiza kokha chenjezo kwa a kumunsi popanda munthu kudzuka usiku.

Chimene chimathandiza kwambiri si mphamvu ya wailesi koma kutalika kwa pamene eriyo yaikidwa. Kawailesi kamodzi pamwamba pa thanki la madzi, pa nsanja ya mzikiti kapena pa phiri kamaposa khumi tokhala m'matumba. Ndipo musanagule kalikonse, dziwani kuti mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi MACRA. Tiwailesiti timapangidwira mafunde osiyanasiyana, monga 868 MHz amene amagwiritsidwa ntchito ku Ulaya ndi 915 MHz a ku America, ndipo wogula pa intaneti akhoza kutenga kosayenera kuno. Funsani ku MACRA kaye.

Amene akufuna intaneti yeniyeni, osati mauthenga afupiafupi okha, aphunzire za Zenzeleni ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Kuyambira 2012 anthu a kumeneko, mothandizana ndi University of the Western Cape, anaika zipangizo za Wi-Fi zoyendera sola pa nyumba zosankhidwa ndi anthu eni ake, n'kuzilumikiza ngati mesh, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa kopaletivi yoyendetsa ntchitoyi movomerezeka ndi boma. Dzinalo m'Chixhosa limatanthauza kuti dzichitireni nokha. Poyamba ankangoimbirana mafoni m'dera lawo lomwelo. Kulumikiza ku intaneti kunabwera pambuyo, ndipo kumeneko kunafunikabe chingwe cha kampani penapake. Mesh imagawa intaneti, siipanga intaneti. Ntchito yaikulu inali ya anthu: wosunga zipangizo, wotolera ndalama, wokonza zikaonongeka.

Mapulogalamu a pafoni okhaokha, monga Briar ya pa Android kapena Bitchat imene Jack Dorsey, mmodzi mwa oyambitsa Twitter, anatulutsa mu July 2025, safuna kugula chipangizo china, koma amadalira Bluetooth kapena Wi-Fi ya foni, choncho amafika pafupi. Amagwira bwino pamene pali khamu, monga pa msika, pa bwalo la mpira kapena pa msasa wa anthu othawa madzi. Pakati pa midzi yotalikirana mzere umaduka. Amafunanso kuti anthu ambiri akhale nawo ndipo Bluetooth ikhale yoyatsa, zomwe zimadya batire pa nthawi imene kotchajira kulibe. Ndipo pulogalamuyo imafunika ikhale italowa kale m'foni netiweki isanathawe. Briar ili ndi njira yoti foni imodzi ipatsire inzake pulogalamuyo popanda intaneti, komabe foni yoyambayo imayenera kukhala kuti inaitsitsa kale, ndipo eni ake anaiyeserera limodzi mvula isanayambe.